A Masipoko Awerenga Tsamba Lomaliza

Amuna anga ali ndi chibwibwi. Anthu amene anawerenga buku lawo asanawaone sakhulupirira ndikawauza zimenezi, chifukwa m'bukumo mawu amangoyenda myaa, ngati madzi m'ngalande yolambulidwa bwino. Koma ine ndakhala nawo pabanja kuyambira tsitsi lawo lili bii mpaka lero lachita imvi, ndipo ndikudziwa kuti pali mawu ena amene akafika pamilomo yawo amakakamira ngati mbuzi yokana kuwoloka mlatho. Ovuta kwambiri ndi aja oti munthu ayambe watseka milomo kenako n'kuitsegula mwamphamvu, monga bwino, bwanji, bwera, basi. Kutseka imatsekeka, koma kuti itseguke, ha! Chibwano chimanjenjemera, mitsempha ya m'khosi imatuluka, womvera amayamba kuyang'ana kumbali.

Ntchito yawo ndi yokonza njinga. Ali ndi shedi ya malata m'mphepete mwa msewu wopita kumsika, ndipo aliyense amawatchula kuti a Masipoko, poti pa nkhani yowongola wilo lopindika palibe wowaposa. Makasitomala anazolowera kuti a Masipoko sapereka moni ngati anthu ena onse. Safunsa kuti muli bwanji. Iwo amati, "Mwadzuka motani kumeneko?" Sanena kuti njinga yanu ili bwino tsopano. Amati, "Yachira, kwerani." Ena ankayesa kuti ndi matama a munthu wokonda kuwerenga, osadziwa kuti munthuyo akungozemba chitsa.

Liwu likawakanika ndithu, ine ndinalipo. Kuchipatala, kusitolo, pocheza ndi alendo, akangoyamba kutsinzina ine ndinkaponya liwulo msangamsanga, iwo n'kuliwakha n'kupitiriza. Tinazolowerana moti anthu ambiri sankazindikira n'komwe. Mlongo wanga wamng'ono, amene timamutchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazima, ankakonda kunena kuti, "Alamu anachita mwayi, anapeza mkazi ndi sipeya ya lilime yomwe."

Kulemba anayamba kalekale, ana athu akadali aang'ono. Koma kalembedwe kawo si kaja kokhala patebulo n'kugwira tsaya. Iwo amalemba ndi pakamwa. Amagadamitsa njinga, kuzunguza wilo, n'kumayang'ana pamene likupotoka. Uku akumanga masipoko, uku akunong'ona chiganizo chimodzi mobwerezabwereza. Chikadutsa pakamwa osakodwa paliponse, amapukuta manja pachisanza n'kuchilemba m'kope limene limakhala m'bokosi la masipanala. Chikakodwa, amachotsa liwu lokolalo n'kusaka lina. Nthawi zina liwu limodzi ankalisaka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ndikawapititsira tiyi ndinkawapeza akuyankhulana ndi wilo, ndipo ndinkawafunsa kuti, "Lero mwalembapo zambiri?"

"Mizere iwiri."

"Tsiku lonseli?"

"Koma ndi yowongoka," ankatero, akuphwetekera tiyi wawo.

Makope anachuluka, masamba onse ali ndi zidindo za zala za girizi. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito m'tauni, ndiye anawatenga n'kuwatayipa pa kompyuta, kenako anatumiza kwa osindikiza mabuku. Nkhani yake ndi ya mnyamata amene bambo ake anali woyendetsa ngolo, munthu wouma mtima, amene tsiku lina anachoka pakhomo osabwereranso. Mnyamatayo akukula akuwasaka, ndipo pa tsamba lomaliza akuwapeza atakalamba, atachita khungu, ali gone m'chipatala. Amuna anga sankalitchula kuti buku, poti nalonso ndi liwu lokola. Ankangoti ntchito ija.

Tsiku lina kunabwera mayi wina kushedi, wochepa thupi, wovala magalasi, atakumbatira chikwama chodzaza mapepala. Anali mkonzi wochokera kwa osindikiza aja. Ndinathamanga kukatenga mpando kunyumba, koma pobwera ndinapeza atakhala kale pa kreti yovundikira, siketi itadetsedwa ndi girizi, iwo alibe nazo ntchito.

"Bambo, ntchito yanuyi tiisindikiza," anatero mayiwo. "Zokonza n'zochepa. Koma pali chinthu chimodzi chimene chandibweretsa kuno. Mnyamata uyu, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, satchula bambo ake kuti bambo. Amangoti mwini ngolo, mkulu uja, amuna a mayi anga. Poyamba sindinazindikire, ndinkangomva kanjala kenakake ndikamawerenga. Nditazindikira ndinati, koma mlembi uyu ndi wochenjera! Mwanayu wasunga mkwiyo woti ngakhale dzina lokha akulimana."

Amuna anga anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Mayi, si nzeru ayi. Ndi lilime. Liwu limenelo kwa ine silituluka."

Akonzi aja anavula magalasi, manyazi atawagwira. "Pepani, sindinadziwe."

"Musapepese. Ndinakula nacho."

Akonziwo anayang'ana wilo limene linali likuzungulirabe pang'onopang'ono. Kenako anati, "Kaya ndi nzeru kaya ndi lilime, owerenga sadzadziwa. Iwo adzangomva njala ija. Funso langa n'lakuti, kodi tiwasiye nayo mpaka kumapeto? Apa pomaliza mwalemba kuti, 'Mkulu wanga, ndafika.' Munthu wayenda moyo wake wonse kusaka bambo ake, n'kudzangonena kuti mkulu wanga? Koma buku ndi lanu. Mukati likhale choncho, likhala choncho, ine sindikhudza."

Ine ndinafuna kuthandiza. "Nanga bwanji angolemba kuti atate?"

Amuna anga anapukusa mutu. "Limenelo ndi la m'pemphero. Mwanayu sakupemphera."

"Nanga adadi?"

"Mwana wa woyendetsa ngolo? Ng'ombe zomwe zikhoza kuseka."

Akonzi anatsanzika nkhani isanathe. Masiku otsatira, kushedi kunali zii. Mawilo ankazungulira, koma kunong'ona kuja kunalibe. Ndinawasiya, poti ndinkadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo ena ndikutenga makapu amuna anga anandikodola n'kundionetsa pepala. Anali atafufuta mkulu wanga uja, pamwamba pake n'kulemba ndi zilembo zonenepa kuti, "Bambo, ndafika."

"Mwaliyesa pakamwa?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Nanga lamulo lanu lija?"

"Ili si langa," anatero. "Ndi la mwanayo. Ndamumana kokwanira."

M'buku lonse, chimenechi chinali chiganizo chokhacho chimene chinalowa chisanadutse pakamwa pawo.

Tsiku limene katoni ya mabuku inafika, amuna anga anasamba m'manja ndi sopo mpaka khungu kutuwa, koma anaopabe kuwagwira. Ndinachita kutsegula ndine. Fungo lake, inu! Ndinatulutsa limodzi, kuliyang'ana kutsogolo, kuliyang'ana kumbuyo, n'kupeza dzina lawo lili apo ngati la munthu wina wake wa kutali. Ndinaliika m'kabati ya galasi, pamodzi ndi mbale za alendo. Aliyense wolowa m'nyumba, ngakhale wodzapempha moto, ankayamba waliona kaye. Kumsika amayi anzanga anayamba kunditchula kuti akazi a alembi, ine n'kumakana ndi pakamwa pokha.

Patapita miyezi, akonzi aja anaimba foni. Anati m'tauni muli gulu la anthu okonda kuwerenga, amene amakumana mu laibulale Loweruka masana. Anthuwo anali atawerenga bukulo, atakanganirana za mnyamata uja ngati m'bale wawo, ndipo tsopano ankafuna kuona mlembi. Anapempha chinthu chimodzi: adzawawerengere tsamba lomaliza ndi pakamwa pake.

"Ndawauza kuti ndiyambe ndafunsa," anatero akonzi. "Mukafuna tsamba lina, kapena kungocheza osawerenga, palibe chovuta. Ganizani."

Ine mtima unangoti myu. Ndinakumbukira tsiku lina kale, pamsonkhano wa makolo kusukulu, ine nditatsala kunyumba ndi malungo. Amuna anga anaimirira kuti anenepo za denga la kalasi limene linkadontha, liwu n'kuwakola pakati pa anthu. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ikankheni, batire yatha!" Anthu anafa nacho chiseko. Iwo anangokhala pansi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaimenso pagulu. Tsopano anali ndi dzina, anthu ankawalozerana mumsewu. Sindinafune kuti ulemu umene anaupeza ndi mizere iwiri patsiku ukathere m'chiseko cha masana amodzi.

"Sankhani tsamba lina," ndinawauza. "Lija la ngolo itatitimira m'matope. Limaseketsa, anthu akasangalala."

"Apempha lomaliza."

"Ndiye kanani. Munthu sakakamizidwa."

Anangotenga pampu n'kuyamba kupopa tayala.

Nkhani inamupeza Wailesi, ndipo madzulo ake omwewo anatulukira atavala jekete. Mlongo wangayu ndi uja amalembedwa ganyu yoyendetsa maphwando ndi yoitanira malonda pa chimkuzamawu. Kuyankhula kwa iye kuli ngati kupuma.

"Alamu, musavutike," anatero akukhala pampando wosaitanidwa. "Mutu ndi wanu, pakamwa ndi panga. Inu mudzangokhala kutsogolo mutavala tayi, kumagwedeza mutu ngati bwana. Achemwali, patseni bukulo ndikuonetseni."

Ndinamutulutsira m'kabati. Anaimirira pakati pa balaza, kukonza kukhosi, dzanja limodzi m'mwamba.

"Amayi ndi abambo, anyamata ndi asungwana, tcherani khutu!"

"Zimenezo zili pa tsamba liti?" anafunsa amuna anga.

"N'kutenthetsa injini chabe, alamu."

Anawerenga ngati akugulitsa mapoto. Pamene mnyamata akulowa m'chipatala mwakachetechete, iye ankachita kukuwa. Atafika pamapeto anagwada bondo limodzi, kutambasula manja, nati, "Baaambo! Ndafika ine mwana wanu wokondedwa, amene munamusiya pa umphawi!"

"Wokondedwayo mwamutenga kuti?"

"Ndangothira kamchere."

"Mchere ndinathira kale," anatero amuna anga, akulanda bukulo mwaulemu n'kulipukuta pachikuto ndi malaya.

Wailesi sanakhumudwe, sadziwa n'komwe kukhumudwa. Anakanda m'mutu, kenako anawomba m'manja.

"Chabwino, tichite chonchi. Mawu ena onsewo munawasefa kale, amatuluka okha. Inu muwerenge zonse. Ine ndikhala mzere woyamba pafupi ndi achemwali. Mukafika pa chitsa paja, mungokweza chala, ine ndiliponya liwulo, limodzi lokhalo, opanda mchere. Anthu adzayesa sewero lochita kukonza. Mutu umodzi susenza denga, alamu."

Kwa ine nzeru imeneyi inamveka. Ndinayang'ana amuna anga. Sanavomere, sanakane, ndipo ine ndinatenga chete wawoyo ngati inde. Mawa lake anandiuza kuti ndiwaimbire akonzi kuti tibwera.

Sabata yonse anayeserera kushedi. Ndikamayandikira ndi tiyi ndinkamva wilo likulira tiki tiki tiki, tsamba lija likuyenda bwinobwino ngati njinga yotsetsereka. Kenako zii. Ndinkaima kuseri kwa malata kudikira. Wilo linkazungulira mpaka kuima lokha, liwu osatuluka. Ndinkabwerera pang'ono, n'kubweranso ndikukhosomola kuti adziwe kuti kukubwera munthu.

Loweruka m'mawa ndikuwasitira malaya ndinafunsa kuti, "Latulukapo?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Tiyeni, amayi. Galimoto itisiya."

Laibulale ija ndi chipinda chachitali cha mazenera akuluakulu. Mashelefu anali atawakankhira kukhoma, pakati n'kundandika mipando ya pulasitiki. Kudenga kunali fani imene inkazungulira mwaulesi, osabweretsa mphepo. Tinapeza anthu atadzaza, ena ataimirira pakhomo. Panali aphunzitsi, ana a sukulu zapamwamba, namwino wina atavala yunifolomu yake, ndi mkulu wina wa chipewa amene anakhala pafupi ndi zenera atatsamira ndodo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pafupifupi aliyense anali ndi buku la amuna anga m'manja. Osati latsopano ngati langa la m'kabati ayi. Awo anali opindika m'makona, olembedwalembedwa ndi pensulo m'mphepete, lina chikuto chitamatidwa ndi selotepi. Ndinaganiza za makope a girizi aja m'bokosi la masipanala, ndipo ndinakhala pampando wanga msana uli njo.

Akonzi anatilandira, n'kuwakhazika amuna anga patebulo kutsogolo, botolo la madzi pambali. Ine ndi Wailesi tinakhala mzere woyamba monga tinapangana. Anayamba ndi mafunso. Mtsikana wina anafunsa kuti amalemba nthawi yanji.

"Nthawi imene kasitomala wapita kukasaka ndalama," anayankha, ndipo anthu anaseka, chiseko chabwino, chija chokhala nawe mbali imodzi.

Mphunzitsi wina wa ndevu anaimirira. "Ine langa si funso. Buku ili ndimawawerengera ana m'kalasi mokweza. Mabuku ambiri ukamawerenga mokweza umapunthwa, mpweya umakuthera pakati pa chiganizo. Ili ayi. Lili ngati munthu anayamba wayendamo kuchotsa miyala. Mumachita bwanji?"

Amuna anga anayang'ana zikhadabo zawo, zimene ngakhale sopo analephera kuziyeretsa.

"Ndili ndi lilime lovuta," anatero pang'onopang'ono. "Chimene lakana, sindilemba."

Ena anagwedeza mitu ngati amva fanizo lakuya. Ndi ochepa amene anazindikira kuti akunena zenizeni.

Kenako akonzi anati nthawi yakwana. Amuna anga anaimirira, kutsegula bukulo kumapeto, kuligwira ndi manja awiri. Mawu anayamba motsika, anthu n'kuweramira kutsogolo.

"Namwino anandilozera kama wa kumapeto, pafupi ndi zenera. Munthu amene anagona pamenepo anali wochepa, wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinayang'ana manja ake. Anali omwe aja, a zipsera za chingwe cha ng'ombe, koma tsopano anali opanda chogwira. Anamva mapazi anga, natembenuzira nkhope kukhomo, maso ali oyera ngati mkaka. 'Ndani?' anafunsa."

Sindinawamvepo akuyankhula chotero pagulu. Mawu ankatuluka mosathamanga, lililonse pamalo pake, ndipo m'makutu mwanga ndinkamva ngati wilo lija likuzungulira kuseri kwake. Ena ankatsatira ndi chala m'mabuku awo. Namwino uja anali atatseka lake, akungoyang'ana.

"Njira yonse ndinali nditakonza mawu aukali, okwana kudzaza ngolo. Ndinawasaka m'kamwa, osawapeza. Ndinakhala m'mphepete mwa kama, ndinagwira dzanja lija, ndipo ndinati..."

Milomo inatsekeka.

Chibwano chinayamba kunjenjemera. Mitsempha inatuluka m'khosi, pamwamba pa kolala imene ndinasita ndekha. Thukuta linayamba kutsika m'mbali mwa khutu. M'chipinda monse munangoti zii, kumveka fani yokha.

"Chala, alamu," ananong'ona Wailesi. "Kwezani chala."

Ndinayang'ana manja awo. Zala zonse zinali zitakanirira pachikuto, zolimba ngati zagwira sipanala pa nati yadzimbiri. Panalibe chala chofuna kukwera. Ndinayang'ana nkhope. Masiku onse liwu likawakola amatsinzina, ndipo ine ndimadziwa kuti akundiitana. Tsiku limeneli maso anali tong'o, ali pa tsamba. Sankaitana munthu.

Ine liwulo linali litafika kale kunsonga ya lilime langa. Zaka zonsezi lakhala likutuluka lokha, osandifunsa. Ndinachita kuluma mlomo. Pambali panga ndinamva Wailesi akukoka mpweya, chifuwa chikufufuma, ndipo ndinadziwa kuti chala kapena popanda chala, iye aliponya basi. Ndinamutsina pantchafu, kutsina kwenikweni kopotokola, kuja ndinkamutsina ali mwana akaba shuga.

"Ukangotsegula pakamwa," ndinamunong'oneza, "upita kwanu ndi mwendo umodzi."

Mpweya uja unatuluka wopanda mawu.

Nthawi inatalika. Mpando wina unalira. Kumbuyo mnyamata wina anayamba kuseka chamumphuno, ndipo mtima wanga unagwa, ndinati zija zayambanso. Koma namwino uja anatembenuka n'kumuyang'ana kamodzi kokha, mnyamatayo n'kuzimiratu. Apo m'pamene ndinayang'ana anthu. Aliyense m'chipindamo ankalidziwa liwulo. Linali m'mabuku ali pamiyendo pawo, ena chala chili pomwepo. Ndinaona milomo ya mphunzitsi wa ndevu uja itatsekeka, ya mtsikana uja itatsekeka, ngati onse akuthandizana kunyamula chinthu cholemera. Koma panalibe amene analitulutsa. Anthuwa anali atayenda ndi mnyamata uja buku lonse, ndipo ankadziwa mwini wake wa liwulo.

Amuna anga anapuma, kumeza malovu, n'kuyambanso. Milomo inagundana, kugundananso, kamvekedwe kakang'ono kakutuluka ngati mpweya wa chubu chobooka. Ine ndinali nditagwirabe ntchafu ya Wailesi, osadziwa kuti ndikufinyabe.

"B... b... b... Bambo!"

Silinatuluke mokongola ayi. Linachita kuphulika, losweka pakati, lokwera kuposa mawu ena onse, ngati la munthu amene wakhala akugogoda pachitseko nthawi yaitali. Mkulu wa chipewa uja anadzidzimuka n'kutembenuka ngati waitanidwa ndi mwana wake. Kenako anavula chipewacho n'kuchiika pabondo.

"Ndafika," anamaliza amuna anga motsitsa, mpweya ukuwathera. Anapukuta thukuta ndi mkono, n'kuwerenga mizere yotsala. "Dzanja lija linafinya langa. Linali lidakali ndi mphamvu pang'ono. 'Wachedwa,' anatero. 'Koma khala.'"

Anatseka bukulo.

Poyamba palibe anawomba m'manja. Kenako zinayamba kumbuyo, kubwera kutsogolo, anthu n'kuimirira, mipando ikugwa. Akonzi anali atavula magalasi, akuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi, kupukuta kosatha. Ine sindinaimirire msanga. Ndinangoyang'ana munthu wanga ali chiimire kutsogoloko, malaya atanyowa kumsana, tayi itapendekera kumbali, ndipo ndinafuna kuuza aliyense kuti malaya amenewo ndasita ndine.

"Achemwali, mwandichotsa mnofu," anadandaula Wailesi akusisita ntchafu, misozi ili mbwembwembwe. "Koma alamu! Alamu ndi mwamuna! Ine ntchito yandithera."

"Ukulira chiyani?"

"N'kutsina kwanuku, musaganize zina."

Anthu anandanda kuti awalembere dzina m'mabuku awo. Amuna anga ankalemba mosamala, lilime lili kunja pang'ono ngati akulumikiza tcheni. Mphunzitsi wa ndevu anawagwira dzanja ndi manja awiri. Mnyamata woseka uja nayenso anabwera, maso ali pansi, ndipo anamulembera ngati ena onse.

Mzere uli pafupi kutha, pakhomo panalowa mayi wina akupuma mwawefuwefu, mwana kumsana, buku lili m'jumbo pamodzi ndi tomato. Atayang'ana mipando yobalalika, nkhope inagwa.

"Mwamaliza? Mayo ine! Abwana anachedwa kunditulutsa kuntchito, ndachita kuthamanga. Tsamba lomaliza lija awerenga kale?"

"Awerenga, mayi," anayankha akonzi mwachifundo. "Pepani. Alembi atopa, tiwalole apume."

"Ndinawerenga ndili m'chipatala ndi bambo anga," anatero mayiyo, akuyankhula ndi amuna anga tsopano. "Ndinkafuna ndimve mmene mwini wake amanenera. Koma palibe kanthu, ndilembereni dzina lokha."

Amuna anga anamwa madzi otsala m'botolo. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana panja pamene dzuwa linali lidakalipo, kenako anayang'ana ine.

"Amayi, muli ndi changu?"

"Changu cha chiyani? Nkhuku zikalowa zokha."

"Nanga alamu?"

Wailesi anasuntha mpando wake kuutalikitsa kwa ine, manja onse ataphimba ntchafu. "Ine ndilibe pakamwa, alamu. Yambani."

Amene anali atafika pakhomo anabwerera. Anthu anadzutsa mipando, wina anapatsa mayi uja wake, iye n'kumasula mwana kumuika pamiyendo. Amuna anga ananyowetsa chala, kutsegula kumapeto, n'kuyambanso pa namwino ndi kama wa pafupi ndi zenera. Mawu anayenda ngati poyamba, mpaka mnyamata anakhala pansi n'kugwira dzanja la nkhalamba ija.

Milomo inatsekekanso. Chibwano chinayamba kunjenjemera.

Ine ndinapinda manja pachifuwa, kutsamira bwinobwino pampando, ndipo tonse tinadikira.